Ukonde ndi Mphika: Mawu kwa Makomiti a M'madoko pa za Ndiwo za Kwathu

 

Nthawi zambiri tikakumana timakamba za maso a ukonde, za ziphaso, za kulanda masikito ndi za miyezi yotseka nyanja. Nkhani zimenezi ndi zofunika ndipo sitizisiya. Koma lero tapempha kuti tiyambire kukhitchini, pamafuwa, pamene nsomba imathera ulendo wake. Wina afunsa kuti kodi a nthambi ya za usodzi ayamba liti kuphunzitsa kuphika. Yankho lake ndi lakuti msodzi amapha chimene mphika ukulandira. Ngati pakhomo tikulandira kasawala, kunyanja kasawala aphedwa ndithu, ngakhale komiti italondera usiku wonse. Tsono kusamala nsomba ndi ntchito ya onse, oponya ukonde ndi ogwira mthiko omwe.

Zimene zinalembedwa m'mabuku

Tiyambe ndi mabuku. Alipo anthu amene anayesetsa kulemba za zakudya za dziko lino. M'zaka za 1938 ndi 1939 boma la atsamunda linatumiza gulu lotsogozedwa ndi Dr B. S. Platt kudzafufuza zimene anthu ankadya m'midzi ya m'dera la Nkhotakota, kuyambira kumapiri mpaka kunyanja. M'gululo munali mayi wina amene pambuyo pake anadziwika ndi dzina lakuti Jessie Williamson. Mayiyu analemba buku la zomera zothandiza za m'dziko muno, limene linatuluka mu 1955 ndipo linasindikizidwanso mu 1975 ndi dzina lakuti Useful Plants of Malawi. M'bukumo muli mayina a ndiwo zamasamba ndi zipatso zakutchire m'zilankhulo zathu, ndi m'mene amayi amazikonzera. Mu 1939 momwemo kunabweranso akatswiri atatu, Bertram, Borley ndi Trewavas, kudzafufuza za nsomba ndi usodzi wa pa nyanja yathu, ndipo lipoti lawo linatuluka mu 1942.

Buku lophikira lodziwika kwambiri ndi The Malawi Cookbook, limene amayi atatu, Annabel Shaxson, Pat Dickson ndi June Walker, anatulutsa mu 1974. Tiyenera kuwayamika amayi amenewa chifukwa sanachite manyazi ndi zakudya zakumudzi. Analembamo kaphikidwe ka nsomba za m'nyanja yathu, komanso ka inswa, dziwala, bwannoni, nkhululu, ana a njuchi ndi nkhungu zimene zimauluka ngati utsi pamwamba pa nyanja. Naye Brian Morris, amene anakhala zaka zambiri m'dziko muno, analemba mabuku a bowa, a nyama zakutchire ndi a tizilombo todyedwa, ndipo anafotokoza bwino za ulenje wa mbewa.

Komabe mabuku onsewa ali m'Chingerezi, ndipo pa doko sitiwaona. Buku lophikira la mtundu umenewu limayembekeza kuti wophika ali ndi sikelo, wotchi ndi uvuni. Mayi wa pa doko amayeza mchere ndi zala, amadziwa kuti nsomba yapsa pomva fungo, ndipo moto amauchepetsa posolola chikuni chimodzi. Nzeru zimenezi sizinalembedwe mokwanira. Zili m'mitu ya agogo athu ndi amayi athu, ndipo dera lililonse lili ndi zakezake.

Dera lililonse ndi mphika wake

Tiyeni tiyende pang'ono m'mbali mwa madzi athu. Ku Karonga mlendo amalandiridwa ndi mpunga wa Kilombero wonunkhira uja, kapena ndi mbalagha, nthochi zosapsa zophikidwa pamodzi ndi nyama. Tikafika ku Usisya, Nkhata Bay, Likoma ndi Chizumulu tipeza kondowole, nsima ya chinangwa choviika m'madzi masiku angapo, chouma ndi kusinjidwa. Kondowole amayenda bwino ndi usipa wauwisi, utaka kapena batala, nsomba yamafuta imene safuna kuithira mafuta ena. Kumeneko ndiye kwawonso kwa nkhungu. Zikatera kumtunda amayi amazikola ndi madengu kapena malichero onyowetsa, n'kuziumba timitanda, kuzikulunga m'masamba, kuziphika ndi kuziyanika, ndipo zimasungika nthawi yaitali.

Ku Nkhotakota ndi ku Salima anthu amanyadira mpasa ndi sanjika, nsomba zimene zimachoka m'nyanja nyengo ya mvula ndi kukwera mitsinje monga Bua ndi Linthipe kukaswana. Amene anadyako mpasa yowamba amadziwa chifukwa chake imagulidwa mtengo wokwera. Ku Mangochi dzina lalikulu ndi chambo, ndipo pambali pake pali kampango, mcheni, mbaba ndi kambuzi wa ku Malombe. Ku Chilwa ndi ku Chiuta mphika ndi wa matemba, makumba ndi milamba. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, m'madambo a Shire, kuli mphende ndi milamba yowamba, ndipo chaka cha njala anthu amapulumukira nyika zokumba m'madzi.

Palibe dera limene lingaseke linzake. Wa ku Mangochi amene amati kondowole amamatirira m'manja akumbukire kuti wa ku Nkhata Bay nayenso amati nsima ya chimanga sikhalitsa m'mimba. Tilemekezanenso pa zachipembedzo. Abale athu achisilamu sadya mbewa ndipo nyama amafuna yochinja mwa mwambo wake. Alipo akhristu ena amene sadya nsomba zopanda mamba monga mlamba ndi kampango. Pophikira msonkhano wa komiti tizikumbukira zimenezi kuti wina asabwerere ndi njala.

Kaphikidwe kamene tikudziwa

Tsopano titchuleko njira zingapo, osati pofuna kuphunzitsa amayi ntchito yawo, koma kuti achinyamata amve chifukwa chake zinthu zimachitidwa motero.

Chambo chachiwisi chimadziwika ndi maso owala, makha ofiira ndi mnofu wolimba umene ukaudina ndi chala umabwerera. Tipale mamba, titumbule mosamala kuti ndulu isaphulike, chifukwa ikaphulika mphika wonse uwawa. Titsuke ndi madzi a pa mjigo. Amayi ena amayala timitengo toyera pansi pa mphika kuti nsomba isakakamire. Tiike nsomba, mchere, matimati, anyezi ndi madzi ochepa osamiza nsombayo, n'kuvundikira pa moto wosalilima. Chinsinsi chake ndi kusatakasa ndi mthiko. Timangogwedeza mphika, kuti nsomba ituluke yathunthu ndi msuzi wokhathamira. Amene akufuna kowawasa afinyiremo ndimu kapena athire madzi a bwemba pamapeto. Chambo chabwino sichilira mafuta ambiri.

Usipa wadzuwa anthu ena amaudandaula kuti umawawa ndiponso uli ndi mchenga. Mchenga umalowa poyanika pansi, ndiye chifukwa chake timalimbikitsa mathandala okwera. Kuwawako kumachepa tikayamba taukazinga pa chiwaya chopanda mafuta mpaka utayamba kununkhira, kenaka n'kuutsuka m'madzi ofunda, tisanauphike ndi matimati. Tisamachotse mitu. M'mutu, m'maso ndi m'minga ya nsomba zing'onozing'ono ndimo muli zolimbitsa mafupa ndi zowonjezera magazi. Wotaya mitu ya usipa wataya gawo labwino la ndiwo imene wagula ndi ndalama zake.

Usipa wofutsa timauviika kanthawi kochepa m'madzi owira a mchere, n'kuutsanulira pa thandala. Kutentha kuja kumapha tizilombo toyambitsa kuola, ndipo nsombayo imauma msanga ngakhale kunja kuli mitambo. N'chifukwa chake njira imeneyi imapulumutsa nsomba zambiri nyengo ya dzinja. Madzi ofutsira akada tiziwasintha, chifukwa tikaumirira madzi omwewo tsiku lonse nsomba zomalizira zimatuluka zakuda ndi zafungo.

Kampango ndi mlamba zimafuna kuwamba modekha. Yaikulu tiidule zidutswa kapena tiing'ambe kuti kutentha kulowe mpaka m'kati. Moto wa malawi umapsereza kunja m'kati muli mwauwisi, ndipo pakapita masiku awiri mphutsi zayamba. Chofunika ndi makala ndi utsi, ndi kutembenuza pafupipafupi. Pophika kampango wowamba tiyambe tamutsuka m'madzi otentha kuti mwaye uchoke, timuwiritse mpaka afewe, ndiye tithire matimati ndi nsinjiro zosungunula m'madzi pang'ono. Nsinjiro zipse ndithu, apo ayi zimatsegula m'mimba. Matemba nawonso amakoma otendera, ndipo pambali tikaikapo chigwada, nkhwani kapena chisoso, banja ladya mokwanira.

Ndiwo zimene zikutisowa

Abale ndi alongo, apa ndiye pagona nkhani. Kaphikidwe kamakhala ndi moyo ngati nsomba yake ilipo. Tifunse achinyamata amene ali pano kuti ndi angati anadyapo ntchila. M'zaka za m'ma 1950 ntchila inali imodzi mwa nsomba zophedwa kwambiri pa nyanja ya Malawi. Inkakwera mitsinje kukaswana, ndipo anthu ankaitchingira ndi maukonde ndi miono pa mathiriro isanaikire mazira. Patangopita zaka zochepa inasowa, ndipo lero kuiona ndi mwayi. Pamodzi ndi nsombayo kunapitanso nzeru ya kakonzedwe kake. Agogo amene ankaidziwa akutha mmodzimmodzi.

Chambo chikutsata njira yomweyo. Pa nyanja ya Malombe mu 1982 asodzi anapha chambo choposa matani 8,000. Patapita zaka khumi sichinkafikanso ngakhale matani 1,000. Kugwa kumeneku ndi kumene kunachititsa kuti mu 1993 boma liyambe kugwira ntchito limodzi ndi asodzi a ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire pokhazikitsa makomiti a m'madoko, ndipo lamulo la za usodzi la 1997 linapereka mphamvu yakuti anthu eni ake azitenga nawo mbali posamala nsomba. Mu 2018 bungwe la IUCN, limene limalemba zamoyo zimene zili pangozi pa dziko lonse, linaika mitundu ya chambo m'gulu la nsomba zimene zatsala pang'ono kutheratu. M'zaka za m'ma 1970 Mmalawi mmodzi ankadya nsomba pafupifupi makilogalamu 14 pa chaka, koma pofika m'ma 2000 anali kudya zosakwana theka la zimenezo. Masiku ano nsomba zoposa theka la zimene zimaphedwa m'dziko muno ndi usipa.

Tonse tikudziwa m'mene chambo chimaswanira. Chachimuna chimakonza chisa pa mchenga, chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa, n'kukawasiya m'madzi osaya, m'mabango ndi m'maudzu. Khoka la maso ang'onoang'ono likadutsa pamenepo limasesa zisa, amayi ndi ana omwe. Malamulo amati chambo chosakwana masentimita 15 ndi mpasa yosakwana masentimita 30 siziyenera kuphedwa kapena kugulitsidwa. Koma taonani m'misika yathu milu ya kasawala, ndi bonya wophedwa ndi masikito amene a zaumoyo anatipatsa kuti titeteze ana ku malungo. Amagula ndani? Ndife tomwe. Beseni limodzi la kasawala limene tadya sabata ino likanadzakhala madengu angapo a chambo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma mwambi umenewu sanaunenere mbewu. Palibe mlimi amene amakazinga chimanga chimene wasungira kubzala.

Ndiye tikupempha amayi, inu amene mumagula pa doko ndi kuphika pakhomo, kuti mukhale alonda oyamba. Mukakana kugula kasawala mogwirizana, mwini khoka loletsedwa asowa kokagulitsa. Mayi mmodzi yekha sangathe, chifukwa mnzake agula. Koma gulu la amayi a pa doko likapangana, ndipo komiti ndi mfumu zikaliimira kumbuyo, zimatheka. Mutu umodzi susenza denga. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima, kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula chaka ndi chaka, ndipo potsegulira utaka umapezeka wokhwima. Anayamba okha boma lisanawauze.

Tidya chiyani nyanja ikatsekedwa?

Funso limeneli timalimva pa msonkhano uliwonse, ndipo ndi funso loona. Lamulo lotseka nyanja limaswedwa kawirikawiri chifukwa cha njala ya ndiwo ndi kusowa kwa ndalama. Yankho lina lili kukhitchini komweko. Miyezi imene nsomba zachuluka tizipatula za pakhomo tisanagulitse zonse. Nsomba youma bwino, yothyoka ukaipinda, tiisunge m'dengu kapena m'thumba lopita mphepo, pamalo okwera ndi ouma, ndipo tiziiyanikanso pa dzuwa kapena kuibwezera pa utsi nthawi ndi nthawi. Tisungenso mfutso wa nkhwani ndi khwanya, nyemba, nandolo ndi mtedza. Mvula ikagwa kumabwera inswa, bowa, bonongwe ndi therere. Banja limene lakonzekera motere silikhala ndi chifukwa chotumiza mwana usiku ndi neti ya udzudzu.

Pali njira ina imene tikufuna nyumba iliyonse iidziwe, ya ufa wa nsomba. Titenge usipa kapena matemba ouma bwino ndi opanda mchenga, tikazinge pang'ono pa chiwaya chouma, tisinje mu mtondo woyera, tisefe, n'kusunga m'botolo louma lotsekeka bwino. Tisasinje wambiri nthawi imodzi chifukwa mafuta a nsomba amasasa akakhalitsa. Supuni imodzi kapena ziwiri m'phala la mwana amene wakwanitsa miyezi 6, uku akuyamwabe, zimamupatsa zomanga thupi popanda mantha a minga. Ufa womwewo tingathire m'ndiwo zamasamba za banja lonse. Kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Ndi zomvetsa chisoni kuti ena mwa ana amenewa ali m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kumene malole amanyamula nsomba tsiku ndi tsiku kupita ku Lilongwe ndi ku Limbe. Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Gulu la zanyama, limene anzathu akumtunda amalipeza movutikira, ife tili nalo pakhomo.

Abambo, mawu awa ndi anu. Mwambo wopatsa bambo mutu wa chambo ndi wabwino ndipo sitikuuletsa. Koma mwana ndi mayi woyembekezera asamangopatsidwa msuzi wokha. Msuzi umathandiza kumeza nsima, koma chokulitsa mwana chili mu mnofu. Pochoka ku doko tiziyamba tapatula ndiwo ya pakhomo, zotsalazo ndiye tigulitse.

Nyama zakutchire ndi mbalame

Makolo athu sankadalira nsomba zokha. Ankadya gwape, insa, kalulu, nguluwe, nkhanga, nkhwali, zinziri ndi mbewa. Nyama ya gwape ilibe mafuta ambiri, ndiye ankaiwamba kapena kuiyanika m'mizere, n'kudzaiphika nthawi yaitali pa moto wochepa, kenaka n'kutendera. Nkhanga nayo imalimba kuposa nkhuku ndipo imafuna kudekha. Mbewa amazitumbula, kuziwiritsa ndi mchere, n'kuziwamba kapena kuziyanika zisanapanidwe pa mpani. Nzeru zimenezi ndi chuma chathu ndipo zilembedwe.

Koma tinene mosabisa kuti nthawi inasintha. Nyama zambiri zatsala m'malo otetezedwa okha, monga Liwonde, Nkhotakota, Lengwe, Majete, Vwaza ndi paki ya pa nyanja ya Malawi ku Cape Maclear, imene inakhazikitsidwa mu 1980. Lamulo la za nyama zakutchire la 1992 linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo milandu ikuluikulu chilango chake chimafika zaka 30 m'ndende. Kupha nyama m'malo otetezedwa, kutchera misampha ya waya, ngakhale kugula ndi kusunga nyama yotere, ndi mlandu. Mayi amene wagula nyama yowamba kwa munthu wobwera usiku akhoza kumangidwa chimodzimodzi ndi mlenjeyo. Amene akulakalaka kukoma kwa nkhanga aziwete pakhomo, pakuti zimaswana bwino kumadera otentha a kunyanja. Akalulu, nkhunda ndi abakha nazonso sizivuta kuweta.

Ku Chilwa nkhani ya mbalame ndi yaikulu. Nyanjayi inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo inaphweranso kwambiri mu 2018. Nsomba zikasowa anthu amatembenukira kwa abakha ndi nkhuku za m'madzi. Chilwa inalembedwa pa mndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, ndipo pambuyo pake osaka mbalame anapanga makomiti awo, kupatula malo oswanira ndi kuika nyengo yoleka kusaka. Mfundo yake ndi yomwe ija ya chambo, yakuti chimene chili pa mazira chisiyidwe. Kwa anyamata osaka mbewa tikuti kumbani, tcherani misampha, koma lekani kutentha tchire. Moto wa mbewa zochepa umatha udzu wofolera ndi mitengo, ndipo mvula ikagwa dothi la pa lupsa limakokolokera m'mitsinje n'kukwirira miyala imene mpasa imaikirapo mazira.

Ndiwo isasanduke poizoni

Pali zinthu zinayi zimene tikupempha komiti iliyonse kuti iziletse pa doko lake. Choyamba, nyama yofa yokha. Kumapeto kwa 2018 mvuu zoposa 40 zinafa mu mtsinje wa Shire ku Liwonde ndi matenda a anthrax. Matendawa amagwira munthu posenda, ponyamula ndi podya nyamayo, ndipo kuwamba sikuwapha. Mvuu ikapezeka itayandama tisathamangire ndi mipeni, tikauze mfumu ndi alangizi. Chimodzimodzi nsomba zofa zokha kapena za zilonda, monga zimene zinaoneka ku Mchinji mu 2020, tisadye, tisagulitse ndipo tisazisamutsire ku madzi ena.

Chachiwiri, katupe ndi mankhwala ena ophera nsomba kapena mbalame. Amapha zazikulu ndi zazing'ono zomwe, ndipo mankhwala a m'sitolo amatsalira mu mnofu umene tikadyetse ana. Chachitatu, kuwaza mankhwala a thonje kapena a mbewu pa nsomba zouma pofuna kuthamangitsa ntchentche ndi tizilombo tofumbwitsa. Wogula saona, koma thupi lake limalandira. Mchere, thandala laukhondo, utsi ndi kuumitsa bwino ndiwo mankhwala oyenera. Chachinayi, uve pa doko. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja anavutika kwambiri. Doko lililonse likhale ndi zimbudzi, tisambe m'manja ndi sopo tisanagwire chakudya, ndipo ndiwo zogona tizitenthetse mpaka zibwate tisanadye.

Tisaiwale nkhuni. Kuwamba, kufutsa ndi kukazinga kwameta mapiri ambiri oyang'anana ndi madoko athu. Pa madoko ena pafika kale mauvuni osatha nkhuni monga Chitofu 3-in-1, ndi matenti oumitsira nsomba ndi dzuwa amene amateteza ku mvula, fumbi ndi ntchentche. Magulu a amayi amene akuzifuna akambirane ndi mlangizi wa za usodzi wa dera lawo. Komiti ipemphenso malo kwa mfumu odzalapo mitengo ya pa doko.

Tilembe buku lathu

Pomaliza tikusiyirani ntchito imodzi yosalira ndalama zambiri. Komiti iliyonse igule kope limodzi lachikuto cholimba. Musankhe amayi awiri ndi wachinyamata mmodzi wodziwa kulemba, ayendere agogo a m'mudzi, aamuna ndi aakazi omwe. Pa nsomba iliyonse alembe dzina lake m'chilankhulo cha pamalopo, kaya ndi Chichewa, Chiyao, Chitonga, Chitumbuka, Chingonde, Chilomwe kapena Chisena. Alembe mwezi umene imanona, mwezi umene imakhala ndi mazira, msinkhu woyenera kuphedwa, kakonzedwe kake, kaphikidwe kake ndi nsima imene imayenda nayo. Miyezo ikhale yathu yomwe, ya chikho, dzanja, supuni ndi mbale. Alembenso za nsomba, mbalame ndi nyama zimene zinkapezeka kale koma lero kulibe, ndi chaka chimene agogowo anaziona komaliza, ngati akukumbukira.

Kope limeneli litithandiza pawiri. Ana athu adzapezamo kaphikidwe ka makolo awo m'chilankhulo chawo. Komanso komiti ikamakonza malamulo a pa doko idzakhala ndi umboni wochokera kwa anthu ake omwe, wosonyeza zimene zinatayika ndi zimene zikhoza kupulumuka. Munthu amamvera msanga lamulo akaona kuti likuteteza ndiwo imene iye amaikonda. Pa msonkhano wotsatira komiti iliyonse ibwere ndi kope lake, tidzawerengerane, ndipo zina tidzazisindikiza m'kalata ino kuti a ku Chilwa aphunzire za ku Likoma, a ku Karonga aphunzire za ku Nsanje. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma amafunika wina awasunge eni ake asanapite.

Mafumu athu, tikupempha kuti mutsegulire njira achinyamata amenewa akamayenda m'midzi mwanu, ndiponso kuti muwaimire amayi akakana kugula nsomba zosakhwima. Apampando, nkhani ya kasawala, ya masikito ndi ya kope muiike pa mndandanda wa zokambirana za mwezi uno. Alangizi athu ali okonzeka kukuthandizani.